Mutu 6: Mimba ya Atelala Yanyanyala Ntchito

1. Pepala la Pakhoma

Kachigamba anali mtsikana wa zaka khumi ndi zisanu, wa Fomu 2, mwana yekhayo wa telala wa pamsewu wopita kumsika. Dzinali anam'patsa ali wakhanda chifukwa ankagona m'dengu la zigamba pansi pa tebulo lodulirapo nsalu, ndipo linam'kakamira mpaka kusekondale.

Shopu ya bambo ake inali chipinda chakutsogolo kwa nyumba yawo. Munali makina osokera awiri, galasi lalitali long'aluka pakona, ndi mpando umodzi wakhushoni yophwa. Atelala ankakhala pampando umenewu kuyambira m'mawa mpaka madzulo. Ankadzuka pokhapokha kukabwera munthu wofuna kuyezedwa.

Kwa miyezi itatu mimba inkawavuta. Akangodya, moto unkakwera kuchoka m'mimba mpaka kukhosi, chilungulira chenicheni. Kuchimbudzi ankatha masiku anayi osapondako. Tsiku loti apiteko ankanyamula nyuzipepala, n'kutuluka atawerenga yonse mpaka tsamba lomaliza, koma osaphulako kanthu.

Mayi a Kachigamba atatopa ndi kubuula kwa amuna awo, anawakokera kuchipatala. Namwino anawayeza, anawapatsa mankhwala a masiku ochepa, n'kuwalembera pepala la zakudya zoyenera kudya ndi zoyenera kusiya. Pepalalo linamatidwa pakhoma la kukhitchini.

Patangopita masiku awiri kunabwera lamya yoti mng'ono wawo wa mayi wachira mwana wamwamuna. Mayi anayenera kukam'thandiza kwa milungu iwiri. Chikwama chili m'manja, anamuitanira Kachigamba kukhitchini.

"Mwanawe, undimvetsere bwino," anatero mayi. "Bambo akowa ndi munthu wabwino, koma pakamwa pawo sipakana kanthu. M'mawa uziwaphikira phala la ufa wosakonola, pambali papaya. Masana ndi madzulo masamba asasowe m'mbale. Mafuta uzithira pang'ono, tsabola usayerekeze n'komwe. Usamawapakulire phiri la chakudya kamodzi, uziwapatsa pang'onopang'ono kanayi kapena kasanu. Botolo ili la madzi lizidzadza kawiri ndi kutha kawiri dzuwa lisanalowe. Akadya madzulo asathamangire kukagona. Tsono adzakunyengerera. Adzati ndiwo zopanda tsabola ndi chakudya cha kundende. Adzapanga nkhope ya mwana wamasiye. Nkhope imeneyo ine ndimaidziwa, ndi yomwe inandigwetsa ine mpaka ndinawalola ukwati. Iwe usagwe nayo. Komanso uchenjere ndi Pulofesa."

Pulofesa anali wometa tsitsi wa khomo loyandikana ndi lawo. Sukulu analekezera panjira, koma panalibe funso lomwe ankasowa yankho lake, kaya la mpira, la ndale, kapena la matenda. N'chifukwa chake anthu anam'patsa dzinalo.

"Musade nkhawa, mayi," anatero Kachigamba. "Mudzawapeza atachira."

2. Nsalu ya Buluu

Tsiku loyamba atelala anadya phala lawo mwakachetechete. Tsiku lachiwiri anayang'ana masamba m'mbale kwa nthawi yaitali, kenako anayang'ana mwana wawo.

"Kodi ine ndinakulakwira chiyani, mwanawe? Ndasanduka mbuzi?"

"Namwino analemba kuti muzidya zakudya za ulusi wambiri, bambo."

"Ulusi?" Atelala analoza mashelefu a m'shopu. "Wofiira uwo, wakuda uwo, woyera uwo. Ndakhala pakati pa ulusi zaka makumi awiri. Ukanakhala mankhwala bwenzi ine ndili munthu wathanzi kuposa onse mumsewu muno."

"Si umenewo, bambo. Akunena timitsitsi ta m'masamba ndi m'zipatso, ndi gaga wa mu ufa. Timeneto ndi timene timasesa m'matumbo."

"Ndiye ndidye tsache basi, zithe msanga."

Komabe anadya, uku akuusa moyo pa supuni iliyonse.

Tsiku lachitatu aphunzitsi anali ndi msonkhano, choncho Kachigamba anaweruka msanga. Atangolowa m'shopu, bambo ake ndi Pulofesa anasiya kutafuna nthawi imodzi. Atelala anakoka buluku la kasitomala n'kuphimba nalo china chake patebulo.

"Wabwera msanga bwanji?" anafunsa, milomo ikunyezimira mafuta.

Kachigamba ananyamula bulukulo. Pansi pake panali chipepala chodzadza ndi tchipisi, chofiiriratu ndi tsabola. M'bokosi la mabatani munkasuzumira botolo la chakumwa cha gasi.

Pulofesa anatsokomola, n'kukonza kolala. "Mwana wasukulu, sayansi iyi sunafikepo. Mimba ya munthu ndi injini. Injini yopanda mafuta imagwira dzimbiri. Ndipo gasi wa m'botolo akalowa, amakankha gasi wa m'mimba kuti atuluke. Ife tikuwathandiza achimwenewa."

"Ndiwaimbira mayi," anatero Kachigamba.

"Dikira kaye." Atelala anapukuta manja, anatsegula kabati, n'kutulutsa nsalu ya buluu yonyezimira ngati madzi. Anaiyala patebulo pang'onopang'ono. "Phwando lanu lotsekera sukulu lili liti?"

Ngakhale Kachigamba anali mwana wa telala, anali asanavalepo diresi la nsalu imodzi. Zovala zake zonse zinali za zotsalira: kolala ya kasitomala uyu, manja a kasitomala uja. Tsiku lina mayi wina anamuimitsa pamsewu n'kumuuza kuti matumba a siketi yake ndi makatani a kunyumba kwawo.

"Diresi lathunthu," anatero atelala. "Lopanda chigamba ngakhale chimodzi. Iwe maso ako akhale pa mabuku, ine anga akhale pa mbale yanga. Mayi ako akabwera ndiyambiranso pepalalo. Milungu iwiri yokha ingaphe munthu?"

Anapanga nkhope ija ya mwana wamasiye. Kachigamba anasisita nsaluyo ndi zala, inali yofewa ngati tsaya la khanda.

"Likhale la manja aatali," anatero motsitsa mawu.

"Manja aatali, mabatani asanu ndi limodzi!" anatero atelala, n'kukoka chipepala cha tchipisi chija.

Madzulo mayi anaimba lamya. "Masamba akudya?"

"Masamba akuphikidwa tsiku lililonse, mayi."

Sananame kwenikweni. Masamba ankaphikidwadi. Koma omwe ankadya zinali nkhuku za aneba, zomwe zinayamba kum'dikirira Kachigamba pakhomo la kukhitchini nthawi ya nkhomaliro ikakwana.

3. Tsiku la Ahedi

Masiku otsatirawo atelala anadya ngati munthu wotuluka kundende. M'mawa buledi woyera ndi tiyi wakuda bii. Masana tchipisi ndi soseji. Madzulo nyama yokazinga, kenako n'kudzigwetsa pabedi. Botolo la madzi lija linakhala pawindo mpaka fumbi linalemba mzere pachivindikiro.

Mimba nayo inayankha. Inakula, inalimba, inayamba kulira ngati ng'oma akaigogoda. Atelala anamasula buluku lawo lomwe kawiri konse kuti alikulitse m'chiuno. Kugeya kwawo kunkamveka mpaka kwa Pulofesa, moti tsiku lina mwana yemwe ankametedwa kumeneko anadzidzimuka n'kutsala ndi njira pakati pamutu.

Loweruka linali tsiku lalikulu. Ahedi a kusukulu ya Kachigamba, mayi wamtali wosaseka wamba, ananena kuti abwera 10 koloko kudzayezetsa suti yawo. Ikawasangalatsa, ankafuna kupereka ntchito yosoka mayunifolomu makumi anayi a kwaya ya sukulu. Chaka chonsecho atelala anali asanapezepo ntchito yaikulu ngati imeneyi.

Koma m'mawa umenewo anadzuka atapindika ngati singano yothyoka.

"Lero ndi tsiku lachisanu ndi chimodzi," anabuula. "Zonse zimene ndadya chichokereni mayi ako zidakali momwemu. Zikuchita msonkhano."

Pulofesa anafika ndi kabotolo kopanda chizindikiro chilichonse, kamadzi obiriwira. Anati anakagula kwa munthu wina m'basi.

"Chivindikiro chimodzi, achimwene, njira itseguka."

"Chimodzi chimatenga nthawi yaitali bwanji?"

"Mwina maola atatu."

Atelala anayang'ana wotchi. Inali 8 koloko. "Ndiye zivindikiro zitatu ndi ola limodzi," anatero.

"Bambo, masamu amenewo ndi olakwika," anatero Kachigamba. Koma anali atameza kale.

9 koloko inakwana, kunali zii. Hafu pasiti naini, zii. 10 koloko yeniyeni ahedi analowa m'shopu, chikwama chili kukhwapa.

Atelala anawalonjera mwaulemu, anakoleka tepi m'khosi, n'kumupatsa Kachigamba buku loti azilemba miyeso. Anayeza mapewa, zinayenda bwino. Anayeza mkono, zinayendanso bwino. Atangozunguliza tepi m'chiuno mwa ahedi, kunamveka mkokomo wautali ngati lole yokwera phiri.

Ahedi anasuzumira pawindo. "Kukubwera mvula?"

"Mwina," anatero atelala, thukuta lili kamukamu. "Makumi atatu ndi... ndi... Kachigamba, gwira apa!"

Anamusiyira mwanayo nsonga za tepi n'kutulukira khomo lakuseri, akuyenda mothamanga koma mawondo ataphatikiza. Ahedi anatsala chiimire, manja ali tambasu, wophunzira wawo wa Fomu 2 atawagwira m'chiuno ndi tepi.

"Bambo ako apita kuti?"

"Akukatenga choko, madamu."

"Choko si chija chinali kukhutu kwawo?"

Kachigamba anangoyamba kuwerenga manambala a patepi.

Atelala anabwerako akumwetulira mokakamiza. Anayezanso chiuno n'kunena kuti makumi anayi ndi ziwiri. Asanafike pa msinkhu wa siketi, lole ija inalizanso injini. Anathamanganso. Atabwerako ananena kuti chiuno chomwecho ndi makumi awiri ndi zisanu ndi zitatu.

"Abambo," anatero ahedi, "ndaonda chonchi m'mphindi khumi?"

Atathamanga ulendo wachitatu, atelala sanabwerenso. Ahedi anatsitsa manja, anavula tepi, n'kuipinda bwinobwino.

"Uwauze bambo ako kuti ndibweranso Lachisanu. Ndikadzawapeza akuthamangabe chonchi, ntchito ya kwaya ndikapereka kwina. Ndipo iwe, munthu akadwala amapita naye kuchipatala, sanena kuti akukatenga choko."

Pofika masana nkhaniyi inasiya kuseketsa. Atelala anali atapita kuseri kasanu ndi kanayi. Anagona pamulu wa zigamba, milomo itauma, maso atalowa m'kati. Atayesa kudzuka anachita chizungulire.

Pulofesa anasuzumira pakhomo ndi kabotolo kena. "Aka tsono n'kotseka."

"Ayi, zikomo," anatero Kachigamba, n'kutseka chitseko. Aka kanali koyamba kutsekera munthu wamkulu chitseko.

Anathamangira kukhitchini. Anatsuka botolo lija, anathiramo lita imodzi ya madzi owiritsa, timasupuni sikisi ta shuga ndi theka la kasupuni ka mchere, monga anaphunzirira m'kalasi. Anawamwetsa bambo ake pang'onopang'ono. Kenako anakagogoda kwa aneba oyendetsa takisi.

4. Mawu a Namwino

Kuchipatala anapeza namwino yemwe uja, mayi wachikulire wa magalasi omangirira chingwe. Anawayeza atelala, anawatsina khungu la padzanja, anawapatsa madzi ena obwezeretsa mphamvu, n'kukhala pansi.

"Pepala lija mwakhala mukulitsatira?"

"Ndendende," anatero atelala ndi mawu ofooka. "Funsani mwanayu."

Namwino anatembenukira kwa Kachigamba. Atelala nawo anamuyang'ana, n'kuyesa kupanga nkhope ija, koma lero sanafunikire kuyesa.

"Sanalitsatire," anatero Kachigamba. "Ndipo wolakwa wina ndine. Anandilonjeza diresi kuti ndikhale chete, ine ndinavomera."

Anafotokoza zonse: tchipisi, nkhuku za aneba, kabotolo ka m'basi, zivindikiro zitatu. Namwino anavula magalasi, anapukuta m'maso, n'kuwavalanso. Sizinadziwike ngati ankaseka kapena ayi.

"Abambo, mundimvere, chifukwa sindibwerezanso kachitatu," anayamba. "Matumbo anu si oipa. Mukuwapatsa ntchito popanda zida. Kuti chimbudzi chifewe n'kuyenda pamafunika zinthu zitatu. Choyamba ndi ulusi wa m'zakudya: masamba, zipatso, nyemba, mbatata, ufa wosakonola. Chachiwiri ndi madzi, chifukwa ulusi wopanda madzi umangouma m'katimo n'kuwonjezera vuto. Chachitatu ndi kuyenda. Inu mumakhala pampando tsiku lonse, mukudya buledi woyera ndi zokazinga, madzi osamwa. Mukufuna zituluke bwanji? Ndipo thupi likakuitanani kuseri muzipita nthawi yomweyo, osati kudikira mumalize kaye kusoka zipi.

"Tsono chilungulira. Pakhomo la mimba pali kanyama kotseka kuti asidi asakwere kukhosi. Mukadya chakudya chambiri nthawi imodzi, chamafuta, n'kuthirapo chakumwa cha gasi, kenako n'kugona, kachitseko kameneko kamalephera. Tsabola ndi tiyi wakuda kwa anthu ambiri zimawonjezera moto. Ndati kwa ambiri, osati onse. Mimba zimasiyana. Inu muli ndi buku lolembamo miyeso ya anthu. Muzilembamonso zimene mwadya ndi mmene mwamvera. Pakatha milungu iwiri mudzadziwa nokha adani anu.

"Lero ndi mawa m'mimba mwanu ndi mopweteka, ndiye mudye zofewa: mpunga, nthochi zakupsa, phala lamadzimadzi, ndi madzi ambiri. Kutsegulaku kukasiya muyambe kuwonjezera masamba ndi zipatso pang'onopang'ono. Nyemba muyambe ndi supuni zochepa. Mukadya mphika wonse tsiku limodzi, makasitomala adzathawa. Ndipo mankhwala opanda dzina, ogula kwa munthu amene simudzamuonanso, musadzamwenso. Lero mwatuluka ndi chizungulire. Ena satuluka."

Atelala anangoti, "Ndamva, mayi."

Namwino anatembenukira kwa Kachigamba. "Iwe wachita bwino kunena zoona, ndipo madzi a shuga ndi mchere aja awathandiza kwambiri. Koma umve ichi. Chakudya chimathandiza matenda ambiri a m'mimba, koma si onse. Munthu akamasanza magazi, akamachita chimbudzi chamagazi kapena chakuda ngati phula, akamaonda popanda chifukwa, akamavutika kumeza, kapena ululu ukakhala wosatha, imeneyo si nkhani ya papaya. Ameneyo abwere kuno tsiku lomwelo. Wamva?"

"Ndamva, mayi."

Atafika kunyumba, Kachigamba anatenga nsalu ya buluu ija m'chipinda chake, anaipinda, n'kukaiika patebulo la bambo ake.

"Nsalu yanu iyi, bambo. Kuphwando ndikavala siketi yanga ya makatani."

Kenako anaimbira mayi ake n'kuwauza zonse.

"Za iwe tidzakamba ndikabwera," anatero mayi. "Apatse foni bambo ako."

Atelala anamvetsera kwa mphindi makumi awiri, foni ataigwirira patali ndi khutu. Mawu okha omwe ananena anali akuti, "Eya, mayi a mwana," ndipo anawanena kakhumi ndi kawiri.

5. Buku la Miyeso

Kuyambira Lamulungu khitchini inakhala ndi bwana mmodzi. Kachigamba analemba mizere pabotolo la madzi ndi choko cha bambo ake: mzere wa 10 koloko, wa masana, wa 3 koloko. Popita kusukulu ankasiya nthochi ndi magawo a papaya m'mbale yovindikira pafupi ndi makina, kuti njala ikabwera ipeze zimenezo m'malo mwa Pulofesa. Chakudya chamadzulo anachibweza kuti chizidyedwa dzuwa likadalipo. Akatha kudya, awiriwa ankayenda wapansi mpaka pamlatho n'kubwerera.

"Anthu aziti makina ndagulitsa," ankadandaula atelala. Koma ankayenda.

Buku la miyeso linayamba kusintha. Pansi pa miyeso ya jekete la munthu wina panalembedwa kuti: "Lolemba, mpunga ndi nthochi, mtendere." Tsamba lotsatira: "Lachiwiri, ndaba tiyi wakuda makapu awiri, moto mpaka m'makutu." Ndipo Lachitatu: "Nyemba. Mwana anati supuni zitatu, ine ndadya zisanu ndi zinayi. Kasitomala wa malaya oyera wati abweranso mawa, akayezedwere panja."

Chimene chinawadabwitsa atelala n'chakuti masiku omwe sanabe kanthu ankagona mpaka m'mawa osadzuka ndi moto pakhosi. Sananene poyera, koma Lachitatu lomwelo Kachigamba anawaona akubweza okha chipepala cha tchipisi chomwe Pulofesa anawapatsira pawindo.

Lachinayi m'mawa, Kachigamba akupukuta nsapato za kusukulu, anaona bambo ake akupita kuseri opanda nyuzipepala. Sipanathe mphindi zitatu, chitseko chinatseguka. Atelala anatuluka pang'onopang'ono, nkhope ikuwala ngati munthu amene wamva dzina lake pa mndandanda wa okhoza mayeso.

"Mwanawe," anatero. "Popanda nkhondo. Popanda thukuta. Ngati mmene ndinkachitira ndili mnyamata."

"Zikomo, bambo, koma musandifotokozere zonse."

Iwo sanamve. Anasamba m'manja, anatsegula shopu, n'kuima pakhomo. Munthu woyamba kudutsa anali wosoka nsapato, ndipo anauzidwa. Wachiwiri anali mayi wogulitsa mazira, nayenso anauzidwa. Pamene Kachigamba ankadutsa ndi chikwama chake, bambo ake anam'loza ndi sizasi.

"Dokotala wanga ndi ameneyo! Fomu 2 yokha, koma watsegula njira imene inakanika akuluakulu!"

Kachigamba anathamanga mpaka kusukulu osacheuka.

Lachisanu ahedi anabweradi. Anaima pafupi ndi khomo, n'kuwayang'ana atelala kuyambira kumutu mpaka kumapazi.

"Lero choko muli nacho pafupi?"

"Chili pano, madamu, ndipo sindichoka."

Anayeza mapewa, mkono, chiuno ndi msinkhu, osapuma, ndipo chiuno chinapezeka makumi atatu ndi zisanu ndi chimodzi maulendo awiri onse. Ahedi anatulutsa mndandanda wa ana a kwaya n'kuuika patebulo. Potuluka anamuyang'ana Kachigamba, ndipo pakona pa milomo yawo panagwedezeka pang'ono.

6. Mlendo wa Khomo Lakuseri

Kulengeza kwa atelala kunabala zipatso zake. Loweruka m'mawa Kachigamba atatsegula chitseko kuti asese, anapeza anthu asanu atakhala pabenchi la pakhonde. Palibe ndi mmodzi yemwe amene ananyamula nsalu.

"Adokotala ndinu?" anafunsa woyendetsa lole wina, atagwira pamimba. "Ine ndikadya ndimafufuma ngati thayala."

"Ine apongozi anga amageya m'tchalitchi," anatero mayi wogulitsa mazira.

"Ine si dokotala," anatero Kachigamba. "Ndimangophika."

Koma sanachoke. Choncho anakamatula pepala la namwino kukhitchini, anawawerengera mokweza kawiri konse, n'kuwauza kuti amene vuto lake latenga nthawi apite kuchipatala akayezedwe yekha, chifukwa pepalali analembera mimba ya bambo ake, osati ya msewu wonse. Woyendetsa lole anakopera zonse kuseri kwa chikatoni. Atelala ankangovomereza ali pamakina, ngati kuti pepalalo analemba ndi iwo.

Anthu atabalalika, Kachigamba anabwerera kukhitchini kukatsuka mbale. Ndipo anamva kugogoda kwapansipansi pakhomo lakuseri.

Anali Pulofesa. Sanakonze kolala, sanatchule sayansi. Anaima atagwira chipewa m'manja, akuyang'ana uku ndi uku. Kachigamba anali asanamuyang'anitsitsepo pafupi chonchi. Malaya ankamulendewera m'mapewa, ndipo lamba wake anali ndi mabowo atatu atsopano, oboola ndi msomali.

"Mwana wa achimwene," anayamba monong'ona, "pepala lakolo likunenapo chiyani za munthu amene m'mimba mumamuwotcha usana ndi usiku, ndipo akapita kuseri zimatuluka zakuda ngati phula?"

Kachigamba anaika mbale pansi. "Munthu ameneyo ndani?"

"Kasitomala wina."

"Wayamba liti kasitomalayo?"

Pulofesa anapotokola chipewa chija. "Milungu itatu yapitayo. Mabotolo anga onse ndayesa." Anazindikira zimene wanena, n'kutsitsa mutu. "Chipatala ndimachiopa, mwanawe. Mkulu wanga analowa kumeneko akuyenda yekha, sanatulukenso. Ungondilembera zakudya, ndidya chilichonse, ngakhale masamba a nkhuku aja. Koma usauze munthu. Ngakhale bambo ako. Undilonjeze."

Kutsogolo makina osokera anasiya kulira. Mpando unasuntha, ndipo mapazi a atelala anayamba kumveka akubwera m'kanjira kolowera kukhitchini.

"Kachigamba! Ukuyankhula ndi ndani kumeneko?"

Pulofesa anam'gwira dzanja. Zala za Pulofesa zinali zozizira ngati chitsulo. Kachigamba anakumbukira mawu a namwino oti munthu wotere apite kuchipatala tsiku lomwelo, ndipo anadziwa kuti ulendo uno sakhala chete.